Kuwedza trout ndi nthenga, ndi mtsinje umene umaisunga

Munthu amene anazolowera kuwedza ndi nyongolotsi akaona koyamba wowedza trout, nsomba ya m'mitsinje yozizira, ndi nyambo ya nthenga, amadabwa. Pambedza palibe chodyedwa chilichonse. Pali nthenga ya tambala, kaubweya pang'ono ndi ulusi, zomangidwa mwaluso kuti zifanane ndi kachilombo. Wowedzayo waima m'madzi ofika m'maondo, akugwedeza ndodo yaitali, chingwe chikuuluka kutsogolo ndi kumbuyo pamwamba pa mutu wake, kenako kanthenga kaja kakutera pamadzi mwakachetechete ngati kagwa kokha mumtengo. Azungu nyambo imeneyi amaitcha fly, ndipo kawedzedwe kake ndi fly fishing. Ine ndiziti nyambo ya nthenga.

Kodi chinthu chopepuka chonchi chingaponyedwe bwanji mamita 15? Yesani kuponya nthenga ya nkhuku ndi dzanja, igwera pamapazi panu pomwepo. Pa kawedzedwe kamene ambiri timakadziwa, cholemera chimakhala kunsonga, kaya ndi mtovu kaya nyambo, ndipo n'chimene chimakoka ulusi. Kuno cholemera ndi chingwe, nyambo imangotsatira. Chingwecho n'chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo chimagwira ntchito ngati chikoti: ukachikweza n'kuimitsa dzanja mwadzidzidzi, mphamvu imayenda m'chingwemo mpaka kunsonga. Zingwezi zili ndi manambala malinga ndi kulemera kwa mamita 9 oyambirira. Cha nambala 5, chimene owedza trout ambiri amayambira, mbali imeneyo imalemera magalamu 9 okha, ndipo chimayendera limodzi ndi ndodo yotalika pafupifupi mamita 2.7. Kunsonga kwa chingwe amalumikizako ulusi wa nayiloni wosaoneka bwino m'madzi, umene umanka nuwonda mpaka pomangira mbedza, pamene umangoposa tsitsi pang'ono.

Ophunzira ambiri amafuna kuponya ndi mphamvu za m'mikono, ndipo chingwe chimawagwera m'khosi chili mulu. Chofunika n'kudikira. Ukakweza ndodo n'kuiimitsa, upatse chingwe nthawi yoti chiwongoke kumbuyo, ndiye ubweze kutsogolo n'kuimitsanso. Ukafulumira, umamva kuti thwa! kumbuyo kwako, nyambo yaduka yapita. Zimenezi munthu amaziphunzira pa kapinga m'masiku owerengeka. Zotenga zaka ndi zina.

Luso limeneli ndi lakalekale. Mlembi wachiroma Claudius Aelianus, cha m'ma 200 Yesu atabadwa, analemba za anthu a ku Macedonia amene ankawedza nsomba zamawangamawanga mumtsinje wotchedwa Astraeus. Anaona kuti nsombazo zinkadya kachilombo kena kouluka pamwamba pa madzi, koma kachilomboko akakagwira ndi manja kankafota mapiko n'kutaya mtundu. Choncho anapanga kawokawo: ubweya wofiira wokulunga pambedza, ndi nthenga ziwiri za pakhosi pa tambala. Kwa zaka mazana ambiri zingwe zinali zopota ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi, kenako silika. Ndodo zinali za mitengo ndi nsungwi, lero ndi za graphite. Koma chiyambi chake sichinasinthe: munthu anakhala pansi m'mbali mwa mtsinje n'kuyang'anitsitsa zimene nsomba ikudya.

Pansi pa mwala

Lowani mumtsinje wa trout, pamalo pamene madzi akuthamanga pamiyala, mutole mwala umodzi n'kuutembenuza. Ngati mtsinjewo uli bwino, pansi pa mwalawo pakhala piringupiringu.

Tizilombo tina n'tophwatalala, ta michira itatu yonga ulusi, tothawira m'mbali tikaona kuwala. Timeneti ndi tiana ta mayfly. Timakhala m'madzi miyezi yambiri, tina chaka kapena ziwiri, tikudya ndere za pamiyala. Tsiku lake likakwana timakwera pamwamba pa madzi, khungu limang'ambika pamsana, n'kutuluka kachilombo ka mapiko oimirira. Kamayandama kanthawi kakuumitsa mapiko, ndipo mphindi imeneyo ndi imene trout imayembekezera. Kakapulumuka kamaulukira m'masamba n'kukafundulanso. Mwa tizilombo tonse ta padziko lapansi, mayfly yokha ndi imene imafundula itamera kale mapiko. Yaikuluyo siidya n'komwe. Imakhala tsiku limodzi kapena awiri, imakwerana m'mwamba, yaikazi imaikira mazira pamadzi n'kufera pomwepo mapiko ali tambalale, ndipo nsomba zimatola mitemboyo mosapupuluma dzuwa likamalowa.

Pamwala womwewo mupezapo tinthu tonga timachubu ta mchenga kapena timitengo tomatirira. Mukayang'anitsitsa, kamutu kakuda kakusuzumira. Imeneyo ndi mphutsi ya caddis, imene imadzimangira nyumba ndi mchenga, timiyala kapena tizidutswa ta masamba, pomata ndi ulusi wotuluka m'kamwa mwake. Mitundu ina siimanga nyumba yoyenda nayo, imaluka kaukonde pakati pa miyala kotchera chakudya chobwera ndi madzi. Gulu lachitatu ndi stonefly, ya michira iwiri ndi miyendo yamphamvu. Iyi imakwawira pamwala kapena pagombe n'kufundula kumeneko, ndipo makoko ake ouma mumawapeza atakakamira pamiyala. Mitundu yake ikuluikulu imatha zaka 3 m'madzi isanatuluke.

N'chifukwa chake m'kabokosi ka wowedza mumakhala nyambo zamitundumitundu. Zina n'zomira, zofanana ndi tiana ta pansi pa miyala. Zina n'zoyandama, za nthenga zolimba zoimirira pamadzi ngati timiyendo. Zina zimalendewera theka m'madzi theka kunja, ngati kachilombo kamene kakanirira pofundula. Palinso zazitali zofanana ndi kansomba, ndi zina zofanana ndi nyerere, ziwala ndi zikumbu zogwa kuchokera m'mitengo. Wowedza wanzeru asanasankhe amayamba waona: n'chiyani chikuuluka, n'chiyani chikuyandama, nanga nsomba ikamadya ikuphulitsa madzi kapena ikungopanga kamzere kozungulira. Mtundu wa nyambo, kaya ndi yofiira kaya yakuda, si nkhani yaikulu monga ogulitsa amafunira kuti tikhulupirire. Kukula kwake, kaumbidwe kake ndi mmene ikuyendera pamadzi ndizo zimene nsomba imaona poyamba.

Apa ndi pamene nkhani ya kuwedza imakumana ndi nkhani ya mtsinje. Magulu atatu aja, mayfly, caddis ndi stonefly, ndi omwenso akatswiri a za madzi amawerenga akafuna kudziwa ngati mtsinje uli wathanzi, chifukwa mitundu yambiri ya m'magulu amenewa siilimba m'madzi oipa kapena osowa mpweya. Botolo la madzi lopita nalo ku labotale limanena za mphindi imene linatungidwa basi. Stonefly imene yakhala pansi pa mwala zaka ziwiri ikunena kuti m'zaka ziwiri zonsezo sipanadutse chinthu choipha. Wowedza ndi nthenga sangathawe kuphunzira tizilomboti, ndipo amene watidziwa amazindikira msanga tikayamba kusowa.

Kumene nsomba imaima

Trout ndi nsomba yowerengera mphamvu zake. Imaima itayang'ana kumene madzi akuchokera, n'kudikira kuti mtsinje uibweretsere chakudya. Ikalimbana ndi madzi othamanga tsiku lonse iwononga mphamvu zoposa zimene ingapeze, ndipo ikakhala m'madzi osayenda chakudya sichibwera. Choncho imafuna malo odekha oyandikana ndi madzi othamanga, pobisala pali pafupi: kuseri kwa mwala waukulu, kutsogolo kwakenso kumene madzi amayamba aima kaye, pansi pa gombe logumuka mkati, m'mizu ya mtengo, pamene madzi othamanga akulowa m'dziwe. Thovu likamayenda mumzere umodzi, chakudya chikuyenda mumzere womwewo. Nsomba yaikulu imatenga malo abwino koposa, ndipo ikachoka ina imalowapo.

Kuwala kumapindika polowa m'madzi, motero nsomba imaona za kunja kudzera pakazenera kozungulira pamwamba pake, kotambasuka pafupifupi madigiri 97. Ikakhala pakuya zenera limakula, ikakhala pafupi ndi pamwamba limachepa. Munthu woima chilili pagombe amaonekera m'zeneramo, wowerama amabisika pang'ono. Ilinso ndi mzere m'mbali mwa thupi umene imamvera kugwedezeka kwa madzi, kotero mapazi olemera pamiyala amaifika munthu asanaione. Imakhala tcheru chifukwa adani ake, mbalame zodya nsomba ndi akatumbu, sagona. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Owedza ambiri amathamangitsa nsomba khumi asanaponyere imodzi, iwo osadziwa.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Kachilombo kenikeni kamayenda ndi liwiro la madzi amene kalimo. Nyambo yomangidwa ku chingwe imakokedwa ndi chingwecho, chimene chagona pa madzi ena othamanga mosiyana. Ikayamba kutsetsereka chopingasa n'kusiya kamzere pambuyo, nsomba imaikana. Ndiye wowedza amaponya chingwe mokhotakhota dala, kapena amachinyamula pang'ono n'kuchigoneka kumtunda, kuti nyambo ipeze masekondi angapo oyenda ngati yosamangidwa. Masekondi amenewo ndiwo luso lonse.

Kum'mwera kwa England kuli mitsinje yochokera mu akasupe a pansi pa miyala ya choko, monga Test ndi Itchen, ya madzi oyera mbee. Kumeneko m'zaka za m'ma 1880 Frederic Halford anaphunzitsa kuti wowedza woyenera amaponya nyambo yoyandama yokha, kwa nsomba imene akuiona ikudya pamwamba. G.E.M. Skues, loya wa ku London amene ankawedza mu Itchen, ankafufuza m'mimba mwa nsomba zimene wagwira, n'kupeza kuti mwadzaza tiana ta mayfly tosatuluka m'madzi. Anayamba kuwedza ndi nyambo zomira, ndipo otsatira Halford anamuona ngati wophwanya mwambo. Mkangano unafika pachimake mu 1938. Lero palibe amatsutsa zoti chakudya chochuluka cha trout imachipeza pansi pa madzi. Ine ndili kumbali ya Skues, chifukwa iye anakafunsa nsomba yeniyeniyo.

Madzi ozizira, timiyala toyera

Trout imafuna madzi ozizira. Imakula bwino pakati pa madigiri 10 ndi 16 pa muyezo wa Celsius, imayamba kuvutika akapitirira 20, ndipo akafika cha pa 25 n'kukhalitsa imafa. Chifukwa chake chili mu mpweya. Madzi a madigiri 10 amatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 11 a okosijeni pa lita imodzi, a madigiri 20 amasunga 9, a madigiri 25 amasunga 8 ndi kakang'ono. Kusiyanaku kungaoneke kochepa, koma thupi la nsomba limatentha limodzi ndi madzi, ndipo likamatentha limafuna mpweya wochuluka. Madzi akupereka zochepa pa nthawi imene nsomba ikufuna zambiri. Nsomba yogwidwa pa nthawi yotere ikhoza kusambira bwinobwino poibwezera, n'kukafera kuseri kwa mwala patapita maola. Ku Montana, ku America, madzi a mtsinje akafika madigiri pafupifupi 23 kwa masiku atatu otsatizana, boma limaletsa kuwedza kuyambira 2 koloko masana mpaka pakati pa usiku. Owedza ambiri osamala sadikira lamulo. Amayenda ndi kachipangizo koyezera kutentha, ndipo akaona 20 amakulunga chingwe.

Chachiwiri ndi timiyala. Nyengo yoswana ikafika, yaikazi imafuna malo a nsangalabwi zazing'ono, kawirikawiri kumapeto kwa dziwe kumene madzi amalowa pansi pa timiyalato. Imagona cham'mbali n'kukupiza mchira mpaka itakumba kadzenje, imaikira mazira, yaimuna imathira umuna, ndipo yaikazi imakumbanso kumtunda pang'ono kuti timiyala tikwirire mazirawo. Trout ilipo ya mitundu ingapo: brown trout imaswana chilimwe chikatha ndi kumayambiriro kwa nyengo yozizira, rainbow trout imaswana nyengo yozizira ikamatha. Mazira a brown trout amatenga pafupifupi miyezi iwiri m'madzi a madigiri 8, ndi yoposa itatu m'madzi a madigiri 4. Akaswa, tiana timakhalabe momwemo masabata ena, tikudya kathumba ka chakudya kamene timabadwa nako pamimba.

Nthawi yonseyi moyo wa mazira uli pa madzi odutsa m'mipata ya timiyala. Matope akadzaza mipatayo mazira amabanika. Dothi limeneli limachokera m'minda yolimidwa mpaka kugombe, m'misewu yadothi, m'mapiri odulidwa mitengo, ndi m'magombe opondedwa ndi ng'ombe. Vuto lake n'lakuti silioneka. Mtsinje umayera mvula ikatha, nsomba zazikulu zilipobe, wowedza akugwirabe. Padutsa zaka zitatu kapena zinayi anthu asanazindikire kuti zazing'ono kulibe. Wowedza nayenso akhoza kupha mazira ndi mapazi ake. Chisa chimaoneka ngati banga loyera pakati pa timiyala takuda ndi ndere, ndipo amene walidziwa amalilambalala.

Mankhwala a mavuto awiriwa, kutentha ndi matope, nthawi zambiri ndi amodzi: mitengo ndi udzu wa m'mbali mwa mtsinje. Mthunzi umatsitsa kutentha kwa masana ndi madigiri angapo pa kamtsinje kakang'ono. Mizu imagwira gombe. Udzu umasefa madzi othamanga kuchokera m'minda. Masamba ogwera m'madzi amadyedwa ndi caddis ndi stonefly, ndipo m'chilimwe mbozi, nyerere ndi zikumbu zogwa m'nthambi zimakhala gawo lalikulu la chakudya cha trout. Mtsinje wopanda mitengo, wopondedwa ndi ziweto, umanka nutambalala n'kumachepa kuya, ndipo madzi otambalala osaya amatentha msanga. Kawirikawiri ntchito yaikulu yobwezeretsa mtsinje imakhala yosachititsa chidwi n'komwe: mpanda wotchinga ziweto, chomwera madzi choikidwa patali ndi gombe, ndi kudikira zaka zisanu.

Kale anthu ankaganiza kuti kusamala mtsinje n'kuuyeretsa, kuchotsa mtengo uliwonse wogweramo ndi kuwongola pokhota paliponse. Tsopano zadziwika kuti kumeneko kunali kuwononga. Mtengo wogwera m'madzi umapatutsa madzi, iwo amakumba dziwe mbali ina n'kuunjika timiyala totsukidwa mbali ina, ndipo nthambi zimabisa tiana kwa adani. Lero magulu okonza mitsinje amagwetsera dala mitengo m'madzi n'kuimangirira. Mtsinje wowongoledwa umathamangitsa madzi a mvula kumunsi onse nthawi imodzi, ndipo chilimwe umatsala wouma. Komanso madzi saiwala khwawa: amalimbana ndi gombe latsopanolo chaka ndi chaka kufuna kubwerera m'njira yawo.

Nsomba imafunanso njira. Imakulira pena, imaswana pena, ndipo kukatentha imathawira kumene kukulowa kasupe wozizira. Damu limatseka njira imeneyi, koma ngakhale paipi yodutsitsa madzi pansi pa msewu, ikakhala kuti kamwa lake lili lendelende pamwamba pa mtsinje, imatseka chimodzimodzi, ndipo mapaipi otere ndi ochuluka kuposa madamu. Pa mtsinje wa Elwha, m'chigawo cha Washington ku America, madamu awiri akuluakulu anagwetsedwa pakati pa 2011 ndi 2014, ndipo nsomba za salmon ndi rainbow trout zopita kunyanja zinayambanso kukwera kumene zinali zitatsekeredwa kwa zaka pafupifupi 100.

Nanga zoipa zothiridwa m'madzi, monga zonyansa za m'masuweji, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo? Ku Britain kuli ntchito ya bungwe la Riverfly Partnership, imene owedza ndi anthu ena odzipereka amapita pamalo amodzimodzi mwezi ndi mwezi. Amatchera kaukonde kumunsi, amatakasa timiyala ndi mapazi kwa mphindi zitatu, amakhuthulira zogwidwazo m'mbale yoyera n'kuwerenga magulu a tizilombo. Nambala ikatsika mwadzidzidzi amadziwitsa a boma. Mu 2013 anthu otere ndi amene anazindikira kuti tizilombo tafa pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 mumtsinje wa Kennet. Chinapha chinali mankhwala a chlorpyrifos, ochepa kwambiri, amene anadutsa m'mapaipi a suweji. Madzi ankaoneka abwinobwino. Pakanapanda munthu wodziwa mmene pansi pa mwala pamakhalira masiku onse, palibe akanadziwa msanga.

Kuthira nsomba

Nsomba zikachepa mumtsinje, maganizo oyamba a anthu amakhala akuti tikagule zina tithiremo. Kwa zaka zambiri maboma ankachita zimenezo, kubweretsa magalimoto a trout zoleredwa m'mathanki. Mu 1959 owedza 16 anakumana m'mbali mwa mtsinje wa Au Sable ku Michigan, ku America, n'kuyambitsa bungwe la Trout Unlimited, chifukwa anatopa ndi nsomba zoweta ndipo ankafuna kuti chidwi chipite pa mtsinje ndi nsomba zobadwira momwemo. Umboni waukulu unachokera ku Montana. Katswiri wa za nsomba Dick Vincent anayesa kuleka kuthira nsomba m'zigawo zina za mtsinje wa Madison, ndipo trout zam'tchire zinachuluka kwambiri m'zigawo zimenezo. Nsomba zoweta zinkasokoneza zenizenizo pa malo odyera, kenako zambiri n'kufa nyengo yozizira isanathe. Mu 1974 Montana inaleka kuthira trout m'mitsinje yake, ndipo lero anthu amachokera kutali kukawedza kumeneko.

Kuthira nsomba kuli ndi malo ake, monga m'madamu mmene trout singaswane. Koma mumtsinje kumabisa matenda. Ngati nsomba zatha chifukwa timiyala tadzaza matope, galimoto ya nsomba siichotsa matopewo, imangochititsa kuti anthu aleke kufunsa.

Pamene nsomba zam'tchire zikusungidwa, owedza ambiri amabwezera zimene agwira, ndipo kabwezedwe kake kali ndi njira. Kaminga kobwerera kumbuyo ka kunsonga kwa mbedza amakaphwatika kuti mbedza ituluke mosang'amba. Nsomba amaikoka mwachangu isanatheretu mphamvu. Manja amawanyowetsa kaye, chifukwa ulenda wa pathupi pake ndi umene umaiteteza ku matenda. Zala sizilowa m'makha mmene imapumira. Ndipo koposa zonse imakhala m'madzi. Pa kafukufuku wa ku Canada wa mu 1992, mwa rainbow trout zotopetsedwa zimene sanazitulutse m'madzi, 88 pa 100 zilizonse zinapulumuka. Zimene zinakhala kunja masekondi 30 zinapulumuka 62, ndipo za masekondi 60 zinapulumuka 28 zokha. Kafukufukuyo anachitikira m'mathanki, ndipo wina wochitikira kumitsinje wapeza imfa zocheperapo, komabe nsomba imene yangomenya nkhondo sikuyenera kudikira chithunzi chachitatu.

Nsapato ndi zovala zolowera m'madzi nazo zimanyamula mavuto. Mu 2004 ku New Zealand kunapezeka ndere yotchedwa didymo, imene imakuta miyala ya mtsinje ngati bulangete lonyowa, ndipo mu 2008 dzikolo linaletsa owedza kuvala nsapato zokhala ndi felt, nsalu yokhuthala yonga ubweya, kunsi kwake, chifukwa felt imasunga chinyezi ndi tizamoyo kwa nthawi yaitali. Mu mtsinje wa Madison uja wa ku Montana, mu 1994, munapezeka matenda a whirling disease, amene amawononga chichereŵechereŵe cha tiana ta nsomba mpaka kumasambira mozungulirazungulira, ndipo m'zigawo zina rainbow trout zinachepa ndi pafupifupi 90 pa 100. Kuyang'ana zipangizo, kuzitsuka ndi kuziumitsa bwinobwino musanapite ku mtsinje wina ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Trout ikakhala mlendo

Pali mbali ina imene okonda trout sakonda kuikamba, koma iyenera kukambidwa. Kwawo kwa brown trout ndi ku Ulaya, kumadzulo kwa Asia ndi m'mapiri a Atlas kumpoto kwa Africa. Kwawo kwa rainbow trout ndi mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific, kumadzulo kwa North America ndi ku Kamchatka, ku Russia. Kwina konse zinachita kunyamulidwa. Mu 1864 mazira a brown trout anafika ku Melbourne, ku Australia, pa sitima ya Norfolk atasungidwa m'madzi oundana, ndipo sitima ina inawapititsa ku chilumba cha Tasmania. Mu 1867 anawolokera ku New Zealand, ndipo mu 1883 ena anachoka ku Germany kupita ku America. Pambuyo pake trout zinafika ku Patagonia, ku Kashmir, m'mapiri a Kenya, South Africa ndi Lesotho.

Mitsinje imeneyo sinali yopanda eni. Ku New Zealand tinsomba ta galaxias tasowa m'mitsinje yambiri mmene trout zinalowa, ndipo tina tatsalira kumtunda kwa mathithi kumene trout sizingakwere. M'mitsinje ya ku Cape, ku South Africa, tinsomba ta redfin tachepa, ndipo ku Lesotho kansomba ka Maloti minnow kali pangozi. Brown trout ndi rainbow trout zonse zili pa mndandanda wa IUCN, bungwe loteteza zachilengedwe, wa zamoyo 100 zolowerera zowononga koposa padziko. Ngakhale mu America momwemo, rainbow zopititsidwa m'mitsinje ya trout ina ya cutthroat zimaswana nayo mpaka mtundu weniweniwo kusungunuka.

Zimenezi zikutanthauza kuti kukhalapo kwa trout kumachitira umboni za madzi ozizira ndi oyera, koma sikuchitira umboni kuti mtsinje uli mmene unalili. Kumene trout zakhala zaka 100, zikudyetsa mabanja a otsogolera alendo ndipo owedza ake ndi amene amamenyera nkhondo madziwo, sindiona nzeru yozithetsa zonse, ndipo nthawi zambiri sizingatheke. Koma kunyamula trout m'ndowa kupita nazo kumtunda kwa mathithi, kapena ku kamtsinje kamene sizinafikeko, n'kulakwa kwakukulu, ngakhale wochitayo atakhala wokonda mitsinje chotani. Ndipo pamene mtundu wa eni malo uli pafupi kutha, wowedza ayenera kuvomera kuti zigawo zina zibwezedwe kwa eni ake.

M'mapiri a Sierra Nevada ku California muli nyanja zing'onozing'ono zambirimbiri zimene kale zinalibe nsomba. Anthu anathiramo trout, poyamba pozinyamula pa nyulu, kenako pozigwetsa kuchokera m'ndege. Achule a miyendo yachikasu a m'mapiri amenewo, amene ana awo amatha zaka zingapo m'madzi asanasanduke achule, anasowa m'nyanja zambiri. Akatswiri atayamba kuchotsa trout ndi maukonde m'nyanja zina, achulewo anachulukanso m'nyanja zimenezo patangopita zaka zochepa.